AMPLIFAYA IKAPSA TISAFUNE MFITI

M'mwezi wa August caka catha, anthu atatha kukolola ndi kugulitsa cimanga cao, tinali ndi ukwati pamudzi wina kufupi ndi Chalimbana, m'boma la Chongwe. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wolimbika pa nchito ya khasu, ndiye anapatsidwa udindo woyang'anira nyimbo, pakuti anali atangogula amplifaya yatsopano ku Lusaka ndi ndalama za matumba ake a cimanga. Pofuna kuti mau akamveke mpaka kutsidya kwa dambo, iye anabwereka masipika anai kwa anzake naonjezera pa ake awiri. Anamanga atatu mbali ya kumanja ndi atatu mbali ya kumanzere, mawaya ofiira pamodzi, akuda pamodzi. Nyimbo zinalira bwino ndithu kwa ola lathunthu. Koma pa nthawi imene mkwatibwi anali kutuluka m'nyumba, amai ali pakati poimba nthungululu, mau anayamba kusasa, kunamveka fungo la pulasitiki wopsa, ndipo pabwalo ponse panangoti zii.

Ukwati sunaime. Akuluakulu anatulutsa ng'oma, acinyamata anaomba m'manja, ndipo anthu anabvina mpaka usiku monga tinali kucitira kale magumbagumba asanafike. Cimene candicititsa kutenga colembera ndi nkhani imene inabuka m'mawa mwake. Panayamba manong'onong'o akuti mai wina wokalamba, wamasiye, amene anakanganapo ndi banja la mkwati pa malire a munda, ndiye anamanga nyimbo ndi mankhwala. Wina anati anawaona akudutsa kuseri kwa cisakasa dzuwa liri pamutu. Wina anati anawamva akudandaula kuti sanaitanidwe. Pofika madzulo nkhani inali itakula, ndipo Ambuya amenewo anatha masiku osapita kucitsime kuopa maso a anthu.

Patapita masiku atatu, ine ndi mnyamatayo tinanyamula amplifaya ija kupita nayo kwa wokonza mawailesi pamsika wa Chongwe. Mmisiriyo asanaitsegule n'komwe anafunsa kuti tinamangako masipika angati. Atamva yankho anaitembenuza naloza timalembo ta kuseri kwake, pamene panalembedwa kuti 8 ohms, nati, "Atate, mfiti yanu iri apa, koma simunaiwerenge." Pobwerera mnyamata uja anandiuza mwamanyazi kuti, "Amalume, ine ndinali kuyesa kuti masipika akaculuka, nyimbo nazo zimangoculuka." Ganizo limeneli ali nalo anthu ambiri, ndipo latayitsa ndalama mabanja osawerengeka. Ine ndikuti maamplifaya ambiri amene amapsa m'midzi mwathu amaphedwa ndi manja a eni ake pa tsiku lomanga mawaya, ndipo ali yense wodziwa kuwerenga manambala angathe kupewa tsoka lotere. Timafulumira kupatsa mlandu magetsi, timanyoza katundu wa m'masitolo, ndipo coipitsitsa timaloza cala okalamba athu, pamene colakwa ciri pa waya amene tinapota tokha.

Makolo athu analibe bvuto limeneli. M'caka ca 1949 m'dziko muno munafika kawailesi kochedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain potsatira pempho la Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia. Kanali kooneka ngati poto wophikira, mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali masheleni 25. Pa kawailesi kameneka anthu anamverapo mau a Alick Nkhata ndi anzake kucokera ku Lusaka. Sipika yake inali m'kati momwemo, yoyesedwa kale ndi amisiri a kufakitale, kotero kuti mwini wake anali kungolumikiza batire, kuponya waya wa eriyo pamtengo, ndi kupotokola kabatani. Mawailesi a Supersonic amene anali kupangidwa ku Livingstone pambuyo pa ufulu anali oteronso. Masiku ano timagula amplifaya payokha, masipika paokha, waya wodula pa mamita, batire ndi sola kwina. Nchito yogwirizanitsa zinthu zimenezi, imene kale inali kuthera kufakitale, tsopano imathera pakhonde pathu, ndipo mlimi wasanduka mmisiri womaliza popanda womuuza malamulo a nchitoyo.

Lamulo loyamba ndi la ma-ohm. Dzina limeneli linacokera kwa Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene m'caka ca 1827 anafotokoza kayendedwe ka magetsi m'waya. Ohm ndi muyeso wa mmene cinthu cimakanizira magetsi kudutsa. Nambala ikakula, magetsi odutsa amacepa, ndipo ikacepa, magetsi amadutsa ambiri. Sipika iri yonse iri ndi nambala yake, imene kawirikawiri imalembedwa pa maginito a kumbuyo kwake. Masipika ambiri a m'nyumba ndi a 8 kapena 6, pamene ambiri a m'galimoto ndi a 4. Amplifaya nayonso iri ndi nambala yake kuseri, pafupi ndi pomangira mawaya, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti masipika amene mwamanga mbali imodzi asatsike kupitirira nambala imeneyo.

Taganizani dramu la madzi limene mtsikana mmodzi akulidzaza ndi ndowa kucokera kucitsime. Mukaboola ciboo cimodzi pansi pake, iye angathe kulidzaza akuyenda mwacifatse. Mukaboola caciwiri, madzi otuluka awirikiza ndipo ayenera kuthamanga. Mukaboola cacitatu, posacedwa adzagwa ndi kutopa. Sipika iri yonse imene mumaonjezera pomanga wofiira pa wofiira ndi wakuda pa wakuda iri ngati ciboo cina padramu, ndipo kamangidwe kameneka amisiri amakacha paralelo. Masamu ake ndi apafupi ngati masipika ali ofanana: gawani nambala ya sipika imodzi ndi kuculuka kwa masipika. Awiri a 8 apereka 4. Atatu a 8 apereka 2.7. Anai a 8 apereka 2. Awiri a m'galimoto a 4 aperekanso 2. Mnyamata wathu anaika 2.7 pamalo pofuna 8, motero anakakamiza amplifaya kutulutsa magetsi owirikiza katatu. Magetsi oculuka amabala kutentha, ndipo timatransista ta m'kati tinapirira ola limodzi kenaka tinapsa. Maamplifaya ena ali ndi citetezo cimene cimawazimitsa okha akatentha kwambiri. Yanu ikazima yokha pakati pa nyimbo, ikukucenjezani. Musangoiyatsanso monga ambiri amacitira, koma yambani mwawerenga masipika.

Kodi wofuna masipika ambiri alibe njira? Njira iripo, ndiyo kumanga mondondozana, kumene amisiri amati siriizi. Waya acoke pofiira pa amplifaya kupita pofiira pa sipika yoyamba. Wina acoke pakuda pa sipika yoyamba kupita pofiira pa yaciwiri. Womaliza acoke pakuda pa yaciwiri kubwerera pakuda pa amplifaya. Mukamanga cotero manambala amaphatikizana. Awiri a 8 apereka 16, ndipo ngakhale mau atsikeko pang'ono, amplifaya siitentha. Awiri a m'galimoto a 4 apereka 8, nambala yeniyeni imene amplifaya ya m'nyumba ifuna. Ngati muli ndi masipika anai a 8 a mbali imodzi, amangeni awiriawiri mondondozana kuti gulu liri lonse likhale la 16, kenaka lumikizani magulu awiriwo mwa paralelo, ndipo mudzabwerera pa 8. Samalaninso ndi maamplifaya okhala ndi pomangira A ndi B. Ambiri a iwo mukatsegula A ndi B nthawi imodzi amaika masipika mwa paralelo m'kati mwao, n'cifukwa cake kuseri kwao kumalembedwa nambala ina ya A kapena B payekha, ndi ina yokulirapo ya A ndi B pamodzi. Sipika imene malembo ake anafufutika muipime ndi kamakina koyesera magetsi kochedwa multimeter, kamene amisiri onse a mawailesi ali nako. Sipika ya 8 imaonetsa 6 kapena 7, ndipo ya 4 imaonetsa pafupi ndi 3.

Lamulo laciwiri ndi la pofiira ndi pakuda. Pa amplifaya pofiira pali cizindikiro ca + ndipo pakuda pali ca −, ndipo pa sipika ndi cimodzimodzi. Kusinthanitsa mawaya pa sipika imodzi sikuocha kanthu, koma kumaba mau. Sipika imalira pokankha mpweya ndi cipepala cake ca kutsogolo. Masipika awiri omangidwa bwino amakankha pamodzi ndi kubwerera pamodzi, monga anthu awiri okweza thumba pangolo. Imodzi ikatembenuzidwa, ina imakankha pamene inzake ikukoka, ndipo mau akulu a pansi, amene acinyamata amati besi, amazimirira. Mwini wake posadziwa amaonjezera voliyumu kufunafuna besi imene waipha yekha, ndipo pamenepo ndi pamene zinthu zimayamba kutentha. Ngati mawaya anu ali a mtundu umodzi, tengani batire la toci la 1.5 volts, mugunditse mawaya awiri a sipika yaikulu kumutu ndi kutako kwa batirelo kwa kamphindi. Cipepala cikatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye wa +. Mumange mfundo pa waya ameneyo kuti musadzaiwale.

Lamulo lacitatu ndi la ukhondo wa nchito. Waya wa sipika ali ndi timaulusi tambiri ta mkuwa. Kaulusi kamodzi kokha kakacoka pofiira n'kukhudza pakuda, magetsi amapeza njira yacidule yopanda cokaniza, ma-ohm amatsika kufika pafupi ndi 0, ndipo amplifaya ingathe kupsa nthawi yomweyo. Cotero sendani waya pang'ono cabe, monga sentimita imodzi, potani timaulusi tonse pamodzi, mumange molimba, ndipo muyang'anitsitse poyera musanayatse. Musamange kapena kumasula waya amplifaya iri yoyaka. Zimitsani ndi kuzula pulagi poyamba. Musalumikize pofiira pa kumanja ndi pofiira pa kumanzere pamodzi poyesa kuti mphamvu iwirikize, pakuti mbali ziwirizo zidzalimbana zokhazokha. Polumikiza mawaya pakulungidwe ndi tepi ya magetsi, osati zidutswa za mapepala a pulasitiki monga tizionera m'nyumba zambiri. Ndinaonaponso munthu ataika pulagi ya pakhoma kumapeto kwa waya wa sipika kuti azizula mosabvuta. Cimeneco n'coopsa, pakuti tsiku lina mwana adzaisomeka pa soketi ya 230 volts. Ndipo amai athu okonda kukongoletsa nyumba asayale kansalu koluka pamwamba pa amplifaya, cifukwa timabowo ta pamwambapo ndi potulukira kutentha.

Waya weniweniyo nayenso ali ndi ma-ohm ake, amene amakula waya akatalika ndiponso akaonda. Tiyerekeze kuti sipika ya 4 mwaiika pamtengo mamita 20 kucokera pa amplifaya. Magetsi apita ndi kubwerera, ndiye kuti ayenda mamita 40. Waya woonda wa mkuwa wa 0.5 pa mtunda umenewo ali ndi ma-ohm pafupifupi 1.4, kotero kuti gawo limodzi mwa magawo anai a mphamvu ya amplifaya lithera m'njira, kutenthetsa waya. Waya wa 2.5, muyeso umene amisiri omanga magetsi m'nyumba amaudziwa bwino, pa mtunda womwewo ali ndi ma-ohm osafika 0.3, ndipo zotayika n'zocepa kwambiri. M'cipinda cimodzi waya wa 1.5 ndi wokwanira. Cenjeraninso ndi waya wooneka ngati mkuwa kunja pamene m'kati ndi aluminiyamu wopaka. Mupaleni ndi mpeni. Akayera m'kati, dziwani kuti amakaniza magetsi kuposa mkuwa ndipo amathyoka msanga polumikiza. Dziko lathu ndi dziko la mkuwa, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA yopanga mawaya a mkuwa. N'zomvetsa cisoni kuti mwana wa Zambia azinyengedwa ndi mkuwa wa utoto.

Tsono tibwere pa mawati, pamene pagona cinyengo cacikulu ca malonda. Pa katoni pamalembedwa manambala akuluakulu, 3000 kapena 5000, otsatidwa ndi malembo akuti PMPO. Nambala imeneyo iribe nchito kwa wogula. Yofunika ndi ya RMS, imene ionetsa mphamvu imene amplifaya ingatulutse mosalekeza. Ngati siinalembedwe, yang'anani pafupi ndi waya wa kumagetsi pamene palembedwa mawati amene amplifaya imadya. Amplifaya yodya mawati 60 singathe kutulutsa mawati 5000 mosalekeza, monganso nkhokwe yolowa matumba 10 singatulutse matumba 100. Cina codabwitsa n'cakuti amplifaya yaing'ono ingathe kuocha sipika yaikulu. Mukaikakamiza kupitirira mphamvu yake, mau amayamba kusweka ndi kukhadzula, ndipo mau oswekawo amatumiza mphamvu yambiri ku kasipika kakang'ono ka mau oonda, kamene kawaya kake n'koonda ngati tsitsi ndipo kamapsa msanga. Khutu lanu ndiye mlonda. Mau akayamba kusasa, bwezani voliyumu. Akulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anacepa, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mabanja ambiri anatembenukira ku sola ndi mabatire, njira imene midzi yosafikako mawaya a ZESCO inali kuigwiritsa nchito kale. Motero maamplifaya a 12 volts aculuka. Anthu amapeputsa batire cifukwa siligwira munthu monga magetsi a pakhoma, koma ngozi yake ndi moto. Amplifaya yodya mawati 120 imakoka ma-amp 10 kubatire, pamene pa magetsi a 230 volts mawati omwewo afuna theka la amp cabe. Cifukwa cake waya wocoka kubatire ayenera kukhala wonenepa ndi wamfupi. Mawaya awiri a batire la galimoto akakhudzana, pamadutsa ma-amp mazanamazana, waya amafiira ngati khala, ndipo m'nyumba ya udzu zotsatira zake tonse tizidziwa. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi ndi batire penipeni. Fyuzi ikapsa, funani cifukwa cake, ndipo muikepo ina ya nambala yomweyo. Woikapo msomali kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya wacotsa mlonda pakhomo. Ndiponso musatembenuze + ndi − pabatire ngakhale kamodzi, pakuti apa kulakwa kumapha amplifaya pomwepo.

Sindikunena kuti magetsi alibe mlandu nthawi zonse. Magetsi akabwera mwadzidzidzi atazima angathe kuononga zipangizo, ndipo mphezi ya m'nyengo ya mvula imaononganso. N'cifukwa cake n'kwanzeru kuzula pulagi magetsi akazima kapena kukayamba kugunda. Koma mmisiri wabwino amasiyanitsa. Kawirikawiri magetsi oipa amaononga mbali imene magetsi amalowera, pamene kulemetsa masipika kumaocha mbali imene mau amatulukira, amplifaya itayamba yatentha. Mufunseni mmisiri kuti capsa n'ciani, kuti mudziwe pokonza khalidwe lanu. Kukonzetsa amplifaya n'kukaimanganso monga kale ndi kutaya ndalama kawiri.

Wina adzati, mnzanga anamanga masipika ambiri pa amplifaya imodzi ndipo ikulirabe mpaka lero. Zimenezo zingatheke. Maamplifaya ena a m'galimoto anapangidwa kuti apirire ma-ohm 2, ndipo kuseri kwao kunalembedwa cotero. Ena amapulumuka cifukwa mwini wake amaliza motsitsa, kotero kutentha sikukula. Ngolo yolemetsedwa ingafike kumsika panjira yosalala, koma pa citunda ndi pamene ng'ombe zimagwada. Citunda ca amplifaya ndi tsiku la ukwati, pamene dzuwa latentha ndipo voliyumu yafika kumapeto. Wina adzatinso, pabwalo lalikulu masipika awiri sakwanira. Yankho langa ndi lakuti khutu la munthu silimva monga timawerengera ndalama. Kuwirikiza mawati kawiri kumangoonjezera mau pang'ono, ndipo kuti mau amveke okwera kawiri pafunika mawati owirikiza pafupifupi kakhumi. Masipika awiri okwezedwa pamwamba kupitirira mitu ya anthu ndi kulozetsedwa kumene anthu akhala amamveka kutali kuposa asanu oikidwa pansi, pamene mau amathera m'miyendo ya obvina.

Palinso ena amene adzati ndikufooketsa acinyamata, pakuti munthu amaphunzira poyesa. Ine ndimanyadira acinyamata a m'midzi yathu amene amapanga mabokosi a masipika ndi matabwa otsala, nakonza zinthu zimene anthu a m'tauni akanataya. Luso limenelo ndi cuma ca dziko. Cimene ndikukana ndi cakuti phunziro la masamu a kugawa 8 ndi 3 lilipiridwe ndi matumba a cimanga a caka cathunthu, pamene lingathe kuphunzitsidwa pansi pa mtengo ndi kamtengo kolembera padothi. Safunsa anadya phula.

Pali cina cimene cimapsa mwakacetecete, ndipo cimeneci cilibe mmisiri pamsika. Ndikunena makutu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, limati acinyamata oposa biliyoni imodzi ali pangozi yogontha kaamba ka kumvera mau okwera kwambiri. Mau amayesedwa m'ma-decibel. Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angamvere mau a 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda ngozi, koma pa 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 cabe. Pafupi ndi sipika yaikulu ya paukwati mau amafika m'manambala a pamwambawa. Nanga amene amaunjikana pamaso pa sipika ndani? Ndi ana ang'onoang'ono, ndi makanda ali kumbuyo kwa amai ao. Mukabwerera kunyumba makutu akulira ngati nyenje, dziwani kuti abvulala, ndipo mbali za m'kati mwa khutu zikafa sizimeranso. Ngati simungathe kumvana ndi munthu amene mwaima naye pafupi popanda kufuula, mau akwera mopitirira. Kukweza masipika pamwamba kumathandizanso apa, pakuti kumawacotsa pamakutu pa ana.

Nanga ticite ciani? Ogulitsa, kaya m'masitolo a ku Lusaka kaya pamsika wa Chongwe, asamangolandira ndalama. Amuonetse wogula nambala ya kuseri, amufunse masipika amene ali nao kunyumba, ndipo ngati n'kotheka amulembere pa kapepala m'cinenero cimene akumva. Wogulitsa wotero adzacepetsa mikangano ya katundu wobwezedwa, ndipo anthu adzabwereranso kwa iye. Aphunzitsi a sayansi akamaphunzitsa lamulo la Ohm abwere ndi sipika m'kalasi, kuti mwana aone kuti masamuwo ndi omwe amateteza katundu wa atate ake. Kuyambira m'caka ca 2022, pamene ndalama za Constituency Development Fund zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciri conse, mbali ina ya ndalamazo inapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Makomiti a citukuko a m'mawadi asaiwale nchito ya magetsi ndi kukonza mawailesi posankha ana, ndipo makolo alimbikitse atsikana nao kulembetsa m'masukulu obvomerezedwa ndi TEVETA. Machalichi ndi masukulu ofuna masipika ambiri pa mtunda wautali asagule amplifaya ya m'nyumba. Pali ina yochedwa 100 volt line, imene sipika iri yonse imakhala ndi katransifoma kake, ndipo imeneyo inapangidwira nchito yotere.

Kwa mafumu ndi akulu a m'midzi ndiri ndi pempho lapadera. Malamulo a dziko lino, mu Witchcraft Act, mutu 90, amaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero angathe kuimbidwa mlandu. Koma tisanafike kukhoti, ulemu wokha unayenera kutiletsa. Cipangizo cikaonongeka pamsonkhano, pamaliro kapena paukwati, mau oyamba a mfumu akhale akuti citengedwe kwa mmisiri, ndipo pasachulidwe dzina la munthu. Kwathu kuja nkhani inatha bwino cifukwa mnyamata uja analimba mtima. Anapita kwa a mfumu atanyamula timatransista topsa m'kapepala, nafotokoza pamaso pa anthu mmene anamangira masipika. Banja la mkwati linapita kukapepesa ndi nkhuku. Mnyamatayo anagwada nati, "Ambuya, colakwa cinali canga, mutikhululukire." Iwo analandira nkhuku, koma anati masiku amene anagona ndi mantha palibe angawabwezere. Mau amenewo anandikhala mumtima.

Nyengo ya maukwati idzabweranso tikakolola, ndipo pambuyo pake padzakhala mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya, kenaka Khirisimasi, pamene nyumba iri yonse yokhala ndi amplifaya imafuna kumveka. Inu amene muli nayo, musadikire tsiku la phwando. Lero lomwe izimitseni, muitembenuze, muwerenge nambala ya kuseri. Werengani nambala ya pa sipika iri yonse, mucite masamu a kugawa kapena kuphatikiza, muyang'ane timaulusi ta waya, muone ngati pabatire pali fyuzi. Ngati manambala akubvutani, itanani mwana wa sukulu akuthandizeni, kapena munyamule zonse kupita nazo kwa mmisiri musanamange. Ulendo wa kumsika ndi wochipa poyerekeza ndi amplifaya yatsopano, ndipo Ambuya a pamudzi panu adzatunga madzi ao mwamtendere.